Moto pa Msewu wa ku Kachisi wa Kumtunda

Tak Hyesuk anali atayendetsa basi mumzinda wa Daegu kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pa masiku ake opuma sankafuna china koma kugona. Ndiye pamene mkulu wake, a Jeomsun, anamuimbira foni kuti akonzeke apite limodzi kumapiri kukapachika nyali ya malemu mayi awo pakachisi, Hyesuk anayamba wakana.

"Akachisi mu Daegu muno atha?" anafunsa.

"Iwe, usandiyankhe ngati ukuyankha zidakwa za m'basi mwako. Malo ndapeza kale. Tikagona m'nyumba ya a Pyo."

Nyumba ya a Pyo, Hyesuk ankangoimva m'nkhani. Mayi awo anagwirako ntchito yochapa ndi kuphika kwa zaka khumi ndi zinayi, iye asanabadwe. A Jeomsun, amene ankasiyana naye zaka khumi ndi ziwiri, anakulira kumeneko, m'kachipinda ka kuseri pafupi ndi khola la ng'ombe. Tsopano nyumbayo, imene inali itatha zaka mazana atatu, anali ataisandutsa hotela ya anthu obwera kudzaona akachisi awiri akale a m'chigwacho, wa kumunsi pafupi ndi mtsinje ndi wa kumtunda pakati pa nkhalango ya paini.

Anafika Lolemba dzuwa litapendeka, kumapeto kwa Malichi, mvula itatha miyezi iwiri osagwa. Anawapatsa chipinda chakutsogolo, chimene kale chinali cha mwini nyumba, choyang'ana dziwe la nsomba. A Jeomsun anavula nsapato n'kuima kanthawi pakhonde la matabwa akuda asanalowe.

"Pano ndinkangofikapo ndi nsanza yokolopera," anatero. "Lero ndigonapo mpaka ndilize mkonono."

"Mkonono mumaliza paliponse, achemwali."

M'mawa mwake kunja kunkamveka kafungo ka utsi. Moto wolusa unali utayaka masiku atatu kuseri kwa mapiri, m'boma loyandikana nalo, ndipo alendo onse m'chipinda chodyera maso anali pa wailesi yakanema, kuonerera mahelikopita akukhuthula madzi. Mwini hotela, a Pyo Sangcheol, bambo wadazi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, ankabweretsa okha mpunga ndi msuzi wa nyemba zosasitsa kwinaku akulimbitsa anthu mtima.

"Uli kutali umenewo. Pakati pali mapiri atatu ndi mtsinje. Nyumba ino yaona nkhondo ziwiri, sinapsepo ngakhale nsanamira imodzi."

A Jeomsun anawayang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Sangcheol, chipsera cha pabondo chija chidakalipo?"

A Pyo anangoti kakasi, mbale ili m'manja. "Pepani amayi, kodi tikudziwana?"

"Ungandidziwe bwanji poti unkangoona msana wanga? Ndine Jeomsun, mwana wa mayi ochapa aja. Ndinakubereka mpaka unayamba sukulu. Tsiku limene unagwa pampanda paja, amene anakwapulidwa ndine."

Dazi la a Pyo linafiira. Anaika mbale pansi, n'kuwerama kwambiri mpaka alendo ena anasiya kudya. "Achemwali," anatero, "ndikhululukireni, sindinakuzindikireni."

Atabwerera kuchipinda, Hyesuk sanathe kudzigwira.

"Ndiye munabwerera zimenezi eti? Kudzachititsa munthu manyazi pamaso pa alendo ake?"

"Manyazi ati? Ndanamapo chiyani?"

"Mayi sakanachita zimenezo."

"Mayi ukuwadziwa iwe? Unawapeza atawongoka kale msana."

Mawu amenewo anamulasa Hyesuk. Anafunyululanso mphasa yake yogonera n'kutembenukira kukhoma. "Kukachisi pitani nokha. Msana ukundiwawa."

Minibasi ya hotela inkapita ku kachisi wa kumtunda m'mawa uliwonse, n'kukatenganso anthu 2 koloko masana. Tsiku limenelo alendo ena onse anasankha kuyenda wapansi kupita ku kachisi wa kumunsi, choncho a Jeomsun anakwera okha, atanyamula kathumba ka mpunga wa nsembe ndi chithunzi cha mayi awo. Hyesuk anawamva akung'ung'udza pomanga nsapato, koma sanatembenuke. Pansi pa chipinda panali pofunda bwino, ndipo posakhalitsa tulo tinamutenga.

Chimene chinamudzutsa ndi foni yake, ikulira kulira kwa chenjezo kuja kobaya m'makutu. Nthawi inali itangopitirira 12 koloko, koma mapepala omatidwa pachitseko anali atafiirira ngati dzuwa likulowa. Uthengawo unali waufupi: mphepo yatembenuka, moto wadumpha mtsinje, anthu onse a m'chigwacho athawire kusukulu ya m'tauni nthawi yomweyo.

Anatsegula chitseko, chimphepo n'kumulanda m'manja. Phulusa linali likuuluka pabwalo ponse ngati ngumbi. Kumtunda, kumene m'mawa kunkaoneka phiri, kunali chiutsi chakuda bii, kunsi kwake kuli psuu.

Anaimba foni ya a Jeomsun. Inalira kumbuyo kwake, m'chipinda momwemo, pakona pamene anaisiya pa chaja. Hyesuk anaima n'kumaiyang'ana ikulira mpaka inasiya yokha.

Pabwalo anthu anali balalabalala. Alendo ankaponya zikwama m'magalimoto awo, mayi wina akukuwa dzina la mwamuna wake. Akazi a Pyo ankatulutsa mabokosi a mabuku a mbiri ya makolo. A Pyo eni ake anali pamakwerero, akuthira madzi padenga ndi paipi.

"A Pyo! Minibasi ili kuti?"

"Ili apo pachipata! Woyendetsa wathamangira kwawo. Mayi ake sayenda, ndipo mudzi wawo wayamba kale kupsa."

"Nanga achemwali anga?"

A Pyo anatsika, paipi ikungotaya madzi pansi. Anaimba kukachisi, koma palibe anayankha. Anaimbanso kachiwiri. Kenako anaimbira ozimitsa moto, ndipo Hyesuk anamva yekha mawu a mayi wotopa akunena kuti magalimoto onse ali kumidzi, ayesetsa, koma sangalonjeze nthawi.

"Ndipatseni makiyi," anatero Hyesuk.

"Amayi, msewu umenewo simukuudziwa. Ndi wa galimoto imodzi, mbali ina ndi phompho."

"Ndimayendetsa basi ya anthu makumi asanu ndi awiri. Makiyi."

A Pyo anayang'ana denga lawo, anayang'ana kuphiri, n'kuyang'ananso denga. "Ndikanapita nanu, komatu..."

"Sindinakupempheni."

Bamboyo anamupatsa makiyi n'kuthamangira m'zipinda za alendo. Anatulukamo atakumbatira zofunda zokhuthala za silika, zija zopetedwa maluwa, n'kuziponya zonse m'dziwe la nsomba. Anazivuula zikuchucha madzi ndi ndere, awiriwo n'kuzikokera m'minibasi.

"Mukawafunditse zimenezi," anatero a Pyo akupuma movutika. "Mukabwere nawo, chonde."

Pa kachisi wa kumunsi anthu anali pikitipikiti kukulunga nsanja yakale ya miyala ndi nsalu zonyezimira zosagwira moto. Patsogolo pang'ono, pamlatho, panali wapolisi mmodzi atatchinga msewu, maso ake atafiira ndi utsi.

"Bwererani, amayi! Kumtunda sikukupitika."

"Kuli mkulu wanga. Ndi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, alibe foni."

"Amonke a pakachisipo atsitsa anthu."

"Mwawaona atatsika?"

Wapolisiyo analankhula pa wailesi yake ya m'manja, anamvetsera, n'kupukusa mutu. Kenako anasuntha chotchingacho.

"Ndilibe galimoto yoti nditumize. Mukaona moto mbali zonse ziwiri za msewu, musalimbe mtima ayi. Mutembenuke."

Hyesuk anavomera ndi mutu, ngakhale ankadziwa kuti pamsewu wotero palibe potembenukira.

Atangodutsa makona awiri, kunada. Anayatsa nyali za galimoto masanasana, koma kuwala kwake kunkathera pafupi, m'utsi. Kumanzere kunali thanthwe, kumanja phompho limene pansi pake sipankaoneka. Kenako anayamba kumva phokoso, ngati sitima yaitali imene ikubwera koma osafika. Poyamba anaganiza kuti ndi injini. Atatsitsa windo pang'ono anazindikira kuti likuchokera kuseri kwa phiri, ndipo anatsekanso msanga.

Pa zaka zake zonse za pamsewu, Hyesuk anali atakumana ndi zambiri. Mabuleki anamukanapo pamtsetse, munthu anamulozapo mpeni, koma mwendo wake unali usanachitepo zimene unkachita tsopano. Unkadumphadumpha wokha pa chopondera, moti anachita kugwira bondo ndi dzanja kuti likhazikike. Gwape anatulukira m'tchire, ubweya wa pamsana ukufuka, n'kudutsa patsogolo pa galimoto osacheuka.

Pakona ina yopapatiza anangoona nyali ziwiri zatulukira kumaso kwake. Anaponda buleki, magalimoto awiriwo n'kuima mphuno zitatsala pang'ono kugundana. Kanali kalole ka kukachisi. Kumbuyo kwake kunakhala chifanizo chachikulu cha Buda, atachikulunga m'mabulangete n'kuchimanga ndi zingwe, nkhope yagolide yokha ikuoneka, amonke awiri atachigwirira uku ndi uku.

Mmonke wonenepa amene ankayendetsa anatulutsa mutu. "Bwererani m'mbuyo! Pali potakasuka kumunsiko pang'ono!"

Hyesuk anaika giya yobwerera. Pagalasi sipankaoneka kanthu koma utsi. Anabwerera pang'onopang'ono, akuyerekeza m'mutu mwake m'mene kona ija inakhotera, mpaka anamva tayala lakumbuyo likugumula miyala, miyalayo n'kugubuduka kwa nthawi yaitali isanafike pansi. Anawongola pang'ono, n'kulowa pamalo potakasuka paja.

Kalole kaja kanaima pambali pake. Hyesuk anasuzumira kutsogolo, kumene kunapanikizana anthu anayi, koma mkulu wake panalibe.

"Kumtunda kwatsala anthu asanu," anatero mmonkeyo. "Timati tikatsitse awa tibwererenso."

"Mayi wamfupi, wa jekete lofiirira, wolongolola?"

"Alipo. Fulumirani, amayi. Moto watsala pang'ono kutulukira pamwamba pa phiri."

Pabwalo la kachisi panali nyali za mapepala mazanamazana, zopachikidwa pa zingwe pokonzekera chikondwerero cha kubadwa kwa Buda, iliyonse ili ndi kapepala ka dzina la munthu. Mphepo inkazimenya uku ndi uku, ndipo makala ouluka akagwera pa imodzi inkangoti phuu, n'kuyatsa inzake. Pafupi ndi mwala womwera madzi pananjuta amayi atatu atakumbatirana: mayi Bong, amene ankaphikira amonke, ndi agogo awiri amene anabwera kudzapemphera. Pamasitepe a nyumba yaikulu yopemphereramo panakhala mmonke wokalamba kwambiri, atapinda miyendo, ali phee.

"Achemwali anga ali kuti?" anakuwa Hyesuk.

"Abwerera kumtunda, kunyumba yopempherera akufa," anayankha mayi Bong akulira. "Akuti aiwala chithunzi. Tawaletsa, koma sakumva!"

"Lowani m'galimoto, mufunde zofundazo. Musazime injini."

Masitepe a miyala anali kuseri kwa nyumba yaikulu ija. Hyesuk anakwera atatseka mphuno ndi mkono, akuitana, mawu ake akumezedwa ndi phokoso lija. Utsi unkamuwotcha pakhosi. Atakweza maso anaona nsonga za mitengo ya paini pamwamba pa phiri zikugwira moto, mtengo wathunthu kuyaka nthawi imodzi, kenako wina, kenako wina. Moto sunkayenda pansi ngati wa kumunda, unkalumpha m'mwamba. Kwa kanthawi mtima unamuuza kuti athawe, atsike, ayendetse galimoto azipita. Anagwira mwala ndi manja onse awiri n'kupitiriza kukwera chokwawa.

Anawapeza pakati pa masitepe atakhala pansi, akutsokomola, phazi limodzi lilibe nsapato ndipo litatupa pa kakolo. Chithunzi anali atachibisa m'jekete.

"Iwe wabwera kudzatani kuno?" anatero a Jeomsun. "Wapenga?"

"Kwerani kumsana."

"Undigwetsa iwe."

"Achemwali, mukalankhulanso kamodzi ndikumenyani, ndikulumbira pali mayi."

A Jeomsun anakwera. Anali opepuka modabwitsa, mafupa okhaokha. Hyesuk anatsika sitepe imodzi imodzi, maso akutuluka misozi, osaona bwino poponda. Anamva chinthu chikumuluma pamutu, kenako mbama ikumugwera pomwepo kawiri katatu.

"Tsitsi lako likupsa! Yenda, usaime!"

Atawalowetsa m'minibasi, anathamangira kwa mmonke wokalamba uja.

"A Sunim, tiyeni!" anatero, akuwaitana ndi dzina laulemu la amonke.

"Pitani, mwana wanga," anayankha mofatsa. "Ine ndakhala pano zaka makumi asanu. Ndilibe kwina."

Hyesuk anagwada. Anapempha, anachonderera, anawagwira mkono, koma nkhalambayo inangomwetulira. Kumbuyo kwawo denga la nyumba yopempherera akufa linali litayamba kufuka. Hyesuk ankadziwa kuti mphindi iliyonse imene akutaya pano akailipira pamsewu, komabe miyendo yake inakana kumusiya munthuyo.

Windo la minibasi linatseguka.

"A Sunim!" anali a Jeomsun, mawu atasasa. "Ngati mukufuna kupsa, mudzapse tsiku lina muli nokha! Chitsiru changachi sichinyamuka inu mukapanda kukwera, ndikuchidziwa. Mukufuna mutiphe tonse? Zimenezo ndiye mwaphunzira zaka makumi asanu?"

Mmonkeyo anayang'ana minibasi, anayang'ana Hyesuk ali chigwadire. Anadzuka pang'onopang'ono, anaweramira katatu nyumba yopemphereramo ija, imene munalibenso chifanizo cha Buda, n'kulola kuti amugwire mkono.

Hyesuk anatseka mawindo onse ndi polowera mpweya. "Gonani pansi nonse, mufunde mpaka kumutu. Chilichonse chimene mumve, musadzuke."

Makona atatu oyamba anadutsa bwino. Pakona yachinayi, pamene anakumana ndi kalole paja, moto unali utafika kale. Unali kumanja pamwamba pa thanthwe, unalinso kumanzere m'phompho, malawi akukumana pamwamba pa msewu ngati denga. Hyesuk anaima. Anakumbukira mawu a wapolisi uja n'kuyang'ana pagalasi. Kumbuyo, kumene amachokera, nakonso kunali kutafiira.

"Waimiranji?" anafunsa a Jeomsun ali m'kati mwa chofunda.

"Palibe, achemwali. Gwiritsitsani."

Anaika giya yachiwiri n'kulowa.

Kutentha kunalowa pagalasi ngati watsegula uvuni ndi nkhope. Msewu sunkaoneka. Phompho tsopano linali mbali yake, choncho anakanikizira galimoto kuthanthwe mpaka anamva chitsulo chikukhulika pamwala, ndipo phokoso limenelo ndi limene linakhala maso ake: likamamveka, ndiye kuti akadali pamsewu. Galasi loonera m'mbuyo la pambali pake linawerama n'kuyamba kudontha ngati phula. Chiwongolero chinkawotcha m'manja. Kumbuyo agogo aja ankaitana dzina la Wachifundo amene Abuda amamupemphera mobwerezabwereza, "Gwanseum Bosal, Gwanseum Bosal," wina akulira, wina akutsokomola.

Nthambi yoyaka inagwa patsogolo. Analibe poipatukira. Anaigunda, makala n'kumwazika pagalasi lonse, galasilo n'kung'aluka kuchokera pakona mpaka pakona. Pasanapite nthawi tayala lakutsogolo linaphulika, galimoto n'kukokera kumanzere, kuphompho. Hyesuk anakuwa, n'kukoka chiwongolero ndi thupi lonse mpaka chitsulo chinakhulikanso pathanthwe.

Kenako injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Phokoso la moto lokha ndi limene linatsala. Hyesuk anapotoza kiyi, injini inangolira osadzuka. Anapotozanso. Mpweya unali utatha, moto unali utadya wonse. Anamva mkodzo wofunda ukutsika m'miyendo mwake, ndipo sanachite nazo manyazi n'komwe. M'mutu mwake munangobwera chinthu chimodzi, kuti anthu asanu amene anali moyo pabwalo la kachisi wawabweretsa yekha kuti adzapsere m'chitini.

Koma galimoto inali isanaime. Msewu unali wotsetsereka, ndipo inkayendabe yokha pang'onopang'ono. Hyesuk anachotsa giya n'kuisiya kuti itsike.

Popanda injini chiwongolero chinauma ngati mwala, buleki nayo inalimba. Pakona iliyonse ankachita kuimirira, phazi lili pa buleki, manja onse akukoka mbali imodzi, tayala lophulika lija likugunda pansi. Utsi unali utalowa m'kati. Ankapuma pang'onopang'ono kudzera m'kolala ya malaya, m'maso mukuchita mdima. Mapemphero a agogo aja anali atasiya. Amene ankamvekabe ndi mmonke wokalamba yekha, mawu ake otsika, osasintha, ngati munthu amene akuwerenga m'chipinda chake m'mawa. Hyesuk anagwira mawu amenewo n'kumawerenga makona mokweza. Asanu. Asanu ndi imodzi. Asanu ndi awiri.

Pakona yachisanu ndi chinayi kufiira kuja kunayamba kuchepa. Utsi unasanduka wotuwa, kenako anaona mzere woyera wa m'mphepete mwa msewu, kenako mitengo yobiriwira imene inali isanapse. Galimoto inayamba kuthamanga chifukwa mtsetse unakula, ndipo buleki inali itatheratu mphamvu. Anakoka buleki ya pamanja pang'onopang'ono, akuopa kuti ingaterereke. Mlatho unatulukira, wapolisi uja akuthamanga kubwera, akukupiza manja. Minibasi inadutsa chotchinga chija n'kukaima pakati pa mlatho, ikufuka.

Wapolisi anatsegula chitseko atakulunga dzanja m'chipewa chake. Ankalankhula, koma Hyesuk sankamva. Manja ake anakana kuchoka pa chiwongolero, moti bamboyo anachita kumasula chala chimodzi chimodzi. Zikhatho zinali matuza okhaokha.

Mayi Bong anatuluka chokwawa, agogo awiri aja pambuyo pawo, kenako mmonke. Chofunda chimodzi chinatsala pansi osagwedezeka.

"Achemwali?"

Zii.

Hyesuk anagwa potsika pampando, anadzuka, n'kukwawira kumbuyo. Zala zinkakana kugwira, choncho anakoka chofundacho ndi zigongono. A Jeomsun anali atagona chammbali, maso ali otseka, milomo itada, manja atakumbatira jekete pachifuwa. Hyesuk anawagwedeza. Anawaitana dzina lawo lenileni, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Wapolisi anamukankhira pambali, anawanyamula n'kuwagoneka pamlatho pamene mphepo ya mumtsinje inkawomba, n'kuyamba kuwauzira mpweya m'kamwa.

Hyesuk sanadziwe kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Anangomva kutsokomola koipa, kotuluka pansi penipeni pa chifuwa, kenako kwina. A Jeomsun anatsegula diso limodzi, n'kuyang'ana minibasi yakuda ija, yopanda magalasi a m'mbali, utoto utasupuka.

"Kayendetsedwe kanji kameneka," ananong'ona. "Anakupatsa ndani laisensi?"

Hyesuk anafuna kuseka, koma m'malo mwake anatembenuka n'kusanza m'mphepete mwa mlatho.

Kachisi wa kumtunda anapsa yense isanakwane 2 koloko. Patatha masiku awiri anthu anakapeza miyala ya maziko yokha ndi belu lalikulu litang'ambika pakati. Wa kumunsi anapulumuka. Kunyumba ya a Pyo kunapsa chipata ndi nkhokwe, koma nyumba yaikulu inatsala, chifukwa bamboyo sanatsike padenga mpaka ozimitsa moto atafika madzulo, mikono yake itawauka.

A Jeomsun anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi akupumira m'makina. Atatuluka sankatha kukwera masitepe a kunyumba kwawo chifukwa cha phazi lija, ndiye anasamukira kwa Hyesuk, ati kwa mwezi umodzi. Mwezi unatha, wina unathanso, ndipo tsiku lililonse ankakangana za mchere wa mu msuzi.

Manja a Hyesuk atapola anabwerera kuntchito mu Meyi. Tsiku loyamba lomwelo, chakumasana, anapeza anthu akukonza msewu, akuthira phula lotentha. Fungo litangolowa m'basi, mwendo uja unayambiranso kudumpha. Anaimika basi pasiteji, anatsegula zitseko, n'kugwira bondo. Anthu anadikira, kenako anayamba kudandaula.

"Adalaivala, tikuchedwa kuntchito ife!"

"Pepani," anatero Hyesuk osatembenuka. "Kwerani ikubwera m'mbuyoyi. Ine sinditha."

Anaimbira ku ofesi kuti atumize woyendetsa wina. Abwana ake anamupatsa tchuthi cha miyezi iwiri n'kumutumiza kwa dokotala, amene ankamuona Lachinayi lililonse. A Jeomsun ankamuperekeza ndi ndodo yawo, n'kumakhala panja pabenchi akukalipira aliyense wodutsa amene waponda pafupi ndi phazi lawo.

Hyesuk anayambiranso kuyendetsa mu Julaye, mvula itagwa, ndipo anapempha kuti amupatse njira yaifupi ya kumsika, yopanda zitunda. Anamupatsa. Anagwira ntchito zaka zina zitatu pa njira imeneyo asanapume.